Zakuda Ayi

Kalata yoitanira anthu ku ukwati idafika Lachiwiri, ndipo sidadzere kwa wapositi. Adabwera nayo ndi Zagorka mwini wake, mayi wa mkwati, pagalimoto yake yofiira ija imene amaiyendetsa ngati msewu adaulambula ndi agogo ake. Adaimika pachipata cha Leposava, nkhuku n'kubalalika, iye n'kutsika atavala magalasi adzuwa chikhalirecho kumwamba kuli mitambo yokhayokha.

Leposava adali pakhonde akuchotsa njere m'mapulamu oti aphikire jamu. Ataona galimotoyo adatsonya, napukuta manja pa epuloni yake yakuda. Akazi awiriwa adakhala pa desiki imodzi kusukulu zaka zisanu ndi zitatu, ndipo palibe tsiku limene adabwerekanapo pensulo. Atakula, Zagorka adapita ku Viyena kumene adakolopa nyumba za eni ake zaka makumi awiri ndi zisanu. Pobwerako adamanga nyumba yansanjika zitatu, ya mazenera khumi ndi asanu ndi atatu, ndi mikango iwiri yasimenti pachipata. Okhalamo adali awiri okha, iye ndi mwana wake Milisav, mbeta yamphongo ya zaka makumi anayi imene imayamba yayang'ana mayi ake isanayetsemule.

Leposava sadapite kulikonse. Adaika mwamuna wake m'manda, kenaka zaka zitatu zapitazo adaikanso mwana wake mmodzi yekhayo, Obrad, amene thirakitala idamugudubukira pamtsetse m'munda wa mapulamu. Kwathu kuno mkazi akafedwa mwamuna amavala zakuda chaka chimodzi n'kuvula. Akafedwa mwana savulanso. Kuyambira tsiku limenelo Leposava adali bii, kuyambira mpango wakumutu mpaka masokosi, ndipo m'mudzi monse mudalibe munthu amene adaonanso tsitsi lake.

Obrad adasiya mkazi, Nevena, ndi mwana wamkazi wa chaka chimodzi, Lenka. Nevena adapirira zaka ziwiri m'nyumba ya apongozi ake, kenaka adabwerera kwa makolo ake. Koma Lamulungu lililonse basi ya teni koloko inkaima pachipata, Lenka n'kutsika akuthamanga, agogo ake atamuphikira kale mapalachinke, timikate topyapyala tija topaka jamu. Masiku ena asanu ndi limodziwo Leposava ankangokhalira kudikira Lamulungu. Tsopano Nevena ankakwatiwa ndi Milisav.

Mdani akalowa pakhomo amamwabe khofi, mwambo umatero. Leposava adawiritsa khofiyo, dala osathiramo shuga, ndipo adakhala moyang'anana ndi mlendo wake. Zagorka adakankhira kalatayo patsogolo pake ndi chala chimodzi. Idali yolimba, ya m'mphepete mwagolide, ndipo m'munsi mwa maina mudali malamulo, zija za kunja zimene masiku ano zalowerera ndi m'midzi momwe. Amuna: suti ndi tayi. Amayi: zovala zowala, zopitirira mawondo. Zoyera ndi za mkwatibwi yekha. Zakuda ayi. Mawu awiri omalizawo wina adawadula mzere kunsi ndi bolopeni, kawiri, mokanikiza mpaka pepala lidatupa kuseri.

Leposava adanena mwaulemu kuti awafunira zabwino anawo, mphatso atumiza, koma iye mapwando adasiya. Zagorka adapukusa mutu. Adati anthu akulankhula kale, ati Milisav adayamba kumuponyera maso Nevena dothi la pamanda lisanaume, ndipo pakamwa pa anthu padzatsekeka pokhapokha mayi wa malemuyo atakhala patebulo, n'kudya, n'kupsompsona mkwatibwi anthu onse akuona. Koma abwere ngati munthu. Zakuda pachipata cha ukwati zimaitana maliro, aliyense amadziwa.

"Sindikufuna khwangwala pa ukwati wa mwana wanga, Lepa," adatero Zagorka.

"Khwangwalayo musiyeni pachisa chake. Wakulakwirani chiyani?"

"Usandiyankhule ngati ndine mlendo, tidakulira limodzi. Tamvera. Kuyambira tsiku limenelo Lenka azigona pansi pa denga langa, ndipo makiyi a chipata amakhala m'thumba mwanga. Ukapanda kubwera, kapena ukabwera utavala maliro akowo, basi ya teni koloko izingokudutsa."

Adamwa khofi wowawayo mpaka kunsenga osakwinya nkhope, nadzuka. Ali pachipata adatembenuka n'kuwonjezera kuti buluu wakuda nayenso ndi wakuda yemweyo, asayesere kuchenjera.

Madzulo ake Leposava adaimbira foni Nevena. Ankayembekeza kuti mpongozi wake adabwa, kapena akwiya, koma Nevena adangopuma mozama. Adati watopa kugona m'kachipinda kakuseri kwa bambo ake, iye ndi mwana pabedi limodzi, ndipo Milisav ndi munthu wofatsa, samwa, samenya. Za mzere wa bolopeni adati sakuzidziwa.

"Amayi, ndi tsiku limodzi lokha," adatero. "Obrad sangakwiye. Chonde musandivutitse."

Leposava adaika foni pansi osatsanzika. Zidamuwawa kuti dzina la mwana wake latuluka mopepuka chotero, ngati la munthu amene wangopita kumsika.

Lamulungu lomaliza ukwati usanachitike, Lenka adafika ndi nkhani yodzaza m'kamwa. Adampatsa ntchito. Adzaima pachipata ndi kadengu ka timitengo ta ruzimarini, tija tonunkhira timene amamangirira kariboni n'kubaya pachifuwa cha mlendo aliyense, pakuti wopanda ruzimarini pachifuwa si woitanidwa. Adamuphunzitsanso mawu oti azinena, ndipo adawanena katatu jamu ali m'masaya. Kenaka adagwira mfundo ya mpango pansi pa chibwano cha agogo ake, monga ankachitira chiyambire ali khanda, nafunsa ngati nawonso adzabwera. Leposava adati adzabwera. Mwanayo adawalumbiritsa, ndipo adalonjeza kuti adzawasungira kamtengo kakakulu kuposa tonse.

Lachinayi Leposava adapita kwa mng'ono wake Milunka, amene amakonza tsitsi la amayi m'khitchini mwake. Choyamba adapempha kuona kalata ya Milunka. Idali chimodzimodzi, golide yemweyo, malamulo omwewo, koma popanda mzere wa bolopeni. Milunka adatukwana Zagorka ndi mikango yake yomwe, mpaka adafika pa agogo ake a Zagorka amene ati adaba nkhumba nthawi ya nkhondo. Atatha mpweya adakhala pansi n'kunena kuti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wofuna mwana ndi Leposava, Zagorka alibe chimene ataye.

Milunka adatulutsa diresi yobiriwira ya maluwa achikasu imene adavala pa ukwati wa mwana wake. Kenaka adamasula mpango wa mkulu wake. Tsitsi limene lidalowa mumpangomo lili lotuwira apo ndi apo lidali litayera mbuu, litamatirira kumutu ngati udzu umene wakhala pansi pa thabwa. Milunka adati ndi mutu wotero Zagorka akapeza chonena china. Dayi wa Milunka ndi mmodzi, kaya botolo lilembedwe chiyani: mkazi aliyense wotuluka m'khitchini imeneyo amatuluka wofiirira ngati nkhandwe. Loweruka masana adamudaya, namupiringiza ndi marola, ndipo Leposava adakhala pampandopo maso ali chotseka mpaka ntchito idatha.

M'mawa wa Loweruka lomwelo adali atapita kumanda. Adayatsa kandulo, nathira padothi rakiya pang'ono, kachasu wa mapulamu uja, napukuta chithunzi cha Obrad pamwala ndi nsonga ya mpango wake. Adamufotokozera zonse monga mmene zidayendera, osachotsa, osawonjezera. Adamuuza kuti sakumuvula iye, akungobwereka tsiku limodzi chifukwa cha mwana wake yemwe. Chithunzicho chidangomwetulira monga chimachitira nthawi zonse, ndipo Leposava adachoka pamandapo akudziona ngati wakuba.

Tsiku la ukwati adavala diresi ija, Milunka n'kumupaka zofiira pamilomo. Pagalasi padaima mkazi wina amene Leposava akadakumana naye m'basi sakadamupatsa moni. Mpango adaupinda kanayi n'kuuika pansi penipeni pa chikwama chake cham'manja. Sadali ndi cholinga chilichonse, kungoti sakadatha kuusiya wokha m'nyumba.

Kuchokera kwawo kukafika kwa Zagorka ndi ulendo wodutsa mudzi wonse, ndipo mudzi wonse udali pamakonde. Ena adamupatsa moni mokweza kwambiri, ena adayang'ana kumbali. Mkulu wina wokhalira pabenchi ya pagolosale adafunsa ngati mkwatibwi ndi Nevena kapena apongozi ake, anzake n'kuphulika kuseka. Milunka adamuyankha mawu amene sindingawalembe pano. Leposava adangoyenda, mphepo ikumuzizira m'makutu mmene idali isanafikemo zaka zitatu.

Kwa Zagorka malipenga ankamveka kuchokera pamlatho. Tenti yoyera idadzaza bwalo lonse, kuseri nkhumba zinayi zinkazungulira pamoto, ndipo mikango ija adaimangirira mariboni m'khosi. Pachipata padali mzere wa alendo. Mayi wina wa kuchimuna ndiye ankabaya mapini, ndipo pambali pake padaima Lenka, m'kadiresi kapinki, atagwira kadengu ndi manja onse awiri, nkhope ili yolimba ngati ya wapolisi. Leposava adadikira mzere ngati wina aliyense, ndipo itakwana nthawi yake adawerama atatambasula manja.

Lenka adamuyang'ana, natola kamtengo m'dengu, nanena bwinobwino mmene adamuphunzitsira.

"Takulandirani. Ndinu a kuchimuna kapena a kuchikazi?"

Leposava sadali wa mbali iliyonse. Adanena motsitsa kuti, "Lenka, ndine agogo ako."

Mwanayo adabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Adayang'ana milomo yofiirayo, nayang'ana maluwa achikasu, nakhazikika pamutu.

"Agogo anga alibe tsitsi," adatero.

Anthu a pamzerepo adaseka, ndipo sadaseke mwankhanza, mwana akalankhula zotero ndani angadzigwire? Amene adaseka ndi mtima wonse ndi Zagorka. Adatulukira kumbuyo kwa mkango atavala zasiliva zonyezimira ngati nsomba, nasisita mutu wa mwanayo, n'kunena mokweza kuti Lenka asavutike, agogo ali pano, iye mwini, agogo a tsitsi lawo. Adalanda pini kwa mayi uja n'kubaya yekha ruzimarini pachifuwa cha Leposava, ndipo nsonga ya piniyo idafika pakhungu.

Asanamukhazike pansi adayamba wayenda naye. Adamukoleka mkono ngati mnzake wa ponda apa m'pondepo, namuzungulitsa matebulo onse, akuuza aliyense kuti taonani amene wabwera, wabwera yekha, ndi mtima woyera. Adafika naye kutebulo la akwati n'kuitana wojambula zithunzi. Milisav adaimirira, nagwetsa foloko, naitola. Nevena adali wokongola, zimenezo tisakane, ndipo adapereka masaya ake katatu osayang'ana apongozi ake m'maso. Wojambula adati onse amwetulire. Zagorka adayandikiza pakamwa pake kukhutu la Leposava, nkhope ili chimwemwe chokhachokha.

"Mwetulira, iwe. Kapena mano adakwiriridwa limodzi ndi mwana?"

Leposava adamwetulira. Adaluma mano mpaka nsagwada zidawawa, koma adamwetulira, ndipo chithunzicho chilipo mpaka lero kwa amene akufuna kuchiona.

Ntchito yake itatha Zagorka adamukhazika kumapeto kwenikweni kwa tenti, pafupi ndi amayi otsuka mbale, pamene nsalu ya tentiyo idali yotsegula pang'ono. Udabwera msuzi, idabwera sarma, nyama yokulunga m'masamba a kabichi, kenaka nkhumba yowotcha. Iye adangosuntha chakudyacho uku ndi uku m'mbale. Ankadziuza kuti zatheka, wabwera, wavala, wapsompsona, wamwetulira, Lamulungu likubwerali basi idzaima. Mwana adzamuona ali mumpango wake ndipo adzaseka limodzi za tsitsi la nkhandweli. Akodiyoni itayamba ndipo anthu atagwirana manja kuvina kolo, gule wozungulira uja, Zagorka adamukodola kuchokera pakati pa bwalo. Leposava adaloza bondo lake. Pamenepo pokha sakadalola, ngakhale amudule mutu.

Potembenuka kuti asaonane naye maso, adasuzumira pampata wa nsalu paja. Chipata chidali chopanda anthu tsopano, alendo onse adali atalowa. Koma patsinde pa mkango wa kumanzere padakhala kanthu kapinki, mawondo ali kuchibwano, kadengu kali chafufumimba pambali. Mayi wina wotsuka mbale adaona kumene akuyang'ana ndipo adamutsina khutu kuti mwanayo wakana kudya chifikireni, amunyengerera ndi keke yomwe koma ayi. Akuti akudikira agogo ake. Zagorka wapitako kawiri kukamuuza kuti agogo ake ndi iye, mwana n'kumuyankha kuti achoke.

Leposava adanyamula chikwama chake n'kutulukira pampata womwewo.

Adanjuta pafupi ndi mwanayo, mawondo akulira. Lenka adali atasiya kulira kalekale, misozi idaumira m'masaya, ndipo dzanja lake lamanja lidali lofumbata zolimba. Ataona mayi wa tsitsi lofiira uja adatembenukira kwa mkango. Leposava adayesa zonse. Adatchula maina a nkhuku zawo, adatchula kapu yabuluu yothyoka chogwirira imene Lenka amamwera mkaka, adayamba kanyimbo kamene amaimba potembenuza mapalachinke. M'malo mosangalala mwanayo adachita mantha. Adatseka khutu limodzi ndi phewa, linalo ndi dzanja lamanzere.

"Bwanji mukulankhula ngati agogo anga? Chokani."

"Nanga agogo akowo ali kuti?"

"Sanabwere. Analumbira. Ananama."

Leposava adayang'ana kutenti. Kolo idali itakoma, fumbi lili koboo, chasiliva chija chikunyezimira patsogolo pa mzere. Ankadziwa bwino lomwe mtengo wa chimene chili m'chikwamamo, sadapusitsidwe ndi munthu, ndipo sadaledzere. Akadatha kudzuka, kubwerera pampando wake, kudikira masiku asanu ndi awiri. Koma mwanayu bambo ake adachoka m'mawa wina osabwereranso, ndipo lero akagone m'nyumba yachilendo akudziwa kuti agogo ake nawonso amalumbira zabodza. Masiku asanu ndi awiri kwa mwana wa zaka zinayi ndi chaka chathunthu.

Adapukuta milomo ndi kuseri kwa dzanja. Adatsegula chikwama, natulutsa mpango, naukutumula, naufunda kumutu. Adakankhira mkati tsitsi lonse lofiiralo mpaka kulibe ndi limodzi lomwe lotsalira, namanga mfundo pansi pa chibwano. Zala zake zidachita zokha.

"Lenka."

Mwanayo adacheuka pang'onopang'ono. Adayang'ana nthawi yaitali, kenaka adadzuka n'kumenya agogo ake chibakera pachifuwa, pamaluwa achikasu paja.

"Mwachedwa," adatero, n'kuyamba kulira kwenikweni tsopano, nkhope ataikwirira m'khosi mwawo.

Atatonthola adafumbatula dzanja. Mudali kamtengo ka ruzimarini, kakakuludi, kofota, kofunda ndi thukuta, kariboni katakwinyika. Pini adalibe, ndiye adakasomeka pamfundo ya mpango, nabwerera m'mbuyo kuti aone ngati kakhala bwino.

Sindikudziwa amene adakanena kutenti. Pa ukwati sipasowa wothamanga ndi nkhani. Akodiyoni idayamba yasiya, malipenga adatsatira limodzilimodzi, ndipo anthu adatuluka ali chigwirizire matambula. Zagorka adabwera patsogolo, akupuma mwawefuwefu, nkhope ili psuu. Sadalalate poyamba. Adaima n'kuyang'ana mpangowo mwamantha, pakuti mayiyu, matama onse aja, za malodza ankaziopadi kuchokera pansi pa mtima.

"Vula," adatero.

Leposava adadzuka atagwira dzanja la mwanayo. Adati diresi ndi yobiriwira monga adalamulira, yopitirira mawondo, ndipo kumutu kwake ndi kwake.

"Ndinakuuza, mfiti iwe. Ndinachita kukulembera mzere kuti ngakhale wakhungu aone. Wandibweretsera manda pakhomo tsiku la mwana wanga." Adatambasula dzanja n'kuzula ruzimarini uja adabaya yekha, nsalu ya diresi n'kung'ambika pang'ono, naponya pansi. "Si iwe mlendo wanga. Tuluka. Ndipo umuyang'anitsitse mwanayu, chifukwa sudzamugwiranso."

Leposava akadangotuluka, mwina patapita miyezi anthu akadalowererapo, wansembe akadanenapo mawu, mitima ikadazizira. Koma zija za mano okwiriridwa zidali zikadali m'khutu mwake, zikutentha. Adamuyang'ana Zagorka m'maso, kenaka adayang'ana Milisav amene adaima kumbuyo kwa mayi ake ndi duwa pachifuwa, nabwereranso kwa Zagorka.

"Nanenso ndidavinapo kolo pa ukwati wa mwana wanga, Zaga. Ndidavala zofiira. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe."

Amayi angapo adachita chizindikiro cha mtanda, Zagorka adalavula katatu pambali, milomo yake itayera. Mawu amenewo sauzidwa mayi pa tsiku la ukwati wa mwana wake mmodzi yekha, ndipo ine sindikumuikira kumbuyo Leposava. Ndikungoti amene adayamba kukumba manda ndi pakamwa tsiku limenelo si iye.

Nevena adadutsa pakati pa anthu atanyamula m'munsi mwa diresi yake yoyera kuti isakhudze fumbi. Aliyense adadikira kuti amve. Adawerama, namasula zala za Lenka chimodzichimodzi kudzanja la agogo ake, namunyamula mwanayo akuphiriphitha.

"Amayi, pitani," adatero, maso ali pansi. "Ndinakupemphani tsiku limodzi lokha."

Milisav ankayang'ana nsapato zake. Leposava adatuluka, Milunka ali pambuyo pake akutukwana ndi kulira nthawi imodzi, ndipo chipata chachitsulo chidatsekedwa ndi kiyi dzuwa likadali pamutu. Asanafike pamlatho malipenga adali atayambanso.

Lamulungu lotsatira Leposava adaphikabe mapalachinke. Basi ya teni koloko idachepetsa liwiro pachipata mwachizolowezi, dalaivala adasuzumira, kenaka idapitirira. Lamulungu linalo sidachepetse n'komwe. Foni ya Nevena inkangoitana. Milunka adapita kukapepesa m'malo mwa mkulu wake ndipo adalankhula ndi mikango.

Lamulungu lachitatu Leposava sadayatse moto. Adavala zakuda zake zonse, kuyambira mpango mpaka masokosi, nadutsa mudzi wonse anthu akutuluka m'tchalitchi. Kutsidya kwa msewu, moyang'anana ndi nyumba yansanjika zitatu ija, kuli mtengo wa mabulosi. Adaima pansi pake manja atawapinda pamimba. Zagorka adatuluka pakhonde lam'mwamba n'kukuwa kuti aitana apolisi, ndipo Leposava adayankha kuti awaitane, adzamuuze okha ngati nawonso msewu wa boma adabwera nawo kuchokera ku Viyena.

Sipadapite nthawi, pazenera lina la pansi padaoneka kankhope, mphuno itaphwatalala pagalasi, kadzanja kakugwedezeka. Zagorka adatsika masitepe n'kugwetsa chotchingira zeneralo. Kankhope kaja kadatulukira pansanjika yachiwiri. Adakwera, natseka. Kadatulukira pamwamba penipeni. Mwa mazenera khumi ndi asanu ndi atatu aja, khumi ndi limodzi amayang'ana kumsewu, ndipo mawondo a Zagorka adatsala pasimenti ya ku Viyena. Kuti atseke onse m'mawa, nyumba yake yonyadirayo imakhala mumdima tsiku lonse la Mulungu ngati muli maliro, ndipo zimenezo ndiye sangazipirire.

Chaka chakwana tsopano. Dayi wa Milunka adatha, tsitsi lidayeranso mumpangomo, ndipo palibe amene adzalionenso. Leposava sadamugwirenso mwanayo m'manja, monga momwe adauzidwira. Kaya kugwe mvula kaya chipale chofewa, teni koloko ikakwana amakhala ataima pansi pa mabulosi, ali bii, wooneka kuchokera pazenera lililonse. Chotchingira chikagwa, iye sasuntha. Amangokweza maso n'kudikira kuti aone zenera limene Lenka athamangire.